Lotale ya gulu lathu pa Lizulu: zimene zinachitika manambala atatuluka

Ndimagulitsa mbatata ya kachewere pamsika wa Lizulu, m'boma la Ntcheu, ndipo kwa nthawi ndithu ndinali mlembi wa kagulu ka amalonda amene tinkasonkherana ndalama zosewerera lotale sabata iliyonse. Ndalemba izi chifukwa ndaona kuti anthu ambiri amayamba kufunsa za malamulo a lotale tsiku limene manambala awo atuluka, pamene malamulowo anayamba kale kugwira ntchito pa nthawi imene ankapereka ndalama kwa ejenti. Ife tinawinapo ndipo ndalama tinalandira, koma zimene zinachitika pakati pa tsiku la maere ndi tsiku logawana ndikufuna kuti wina aliyense wosewera azidziwe asanagule tikiti ina.

Choyamba kufunsa ndi chakuti lotale imene mukusewerayo ili ndi chiphaso cha boma kapena ayi. M'Malawi muno bungwe loyang'anira masewera a mwayi ndi Malawi Gaming and Lotteries Authority, limene ambiri amangolitchula kuti MAGLA. Linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2022, limene linaphatikiza mabungwe awiri akale, Malawi Gaming Board ndi National Lotteries Board. Ndilo limapereka ziphaso kwa makampani oyendetsa lotale ndi kubetcha, ndipo ndi kumeneko kumene munthu angakadandaule ngati kampani yakana kumulipira. Lotale yopanda chiphaso ikakuberani mulibe kokasuma kwenikweni, chifukwa inunso munalowa m'masewera amene boma siliwadziwa. Lamulo lina ndi la msinkhu: munthu wosakwana zaka 18 saloledwa kusewera. Pamsika pathu chizolowezi chotuma ana n'chachikulu, mwana amatumidwa kukagula mchere, mayunitsi, ngakhale kukasintha ndalama, koma tikiti ya lotale musamutume. Kupatula kuti mukumuzoloweza juga akadali wamng'ono, tikiti yogulidwa ndi mwana ingathe kukanidwa pa nthawi yolipira.

Masewera amene ife tinkasewera ndi aja a manambala oyambira 1 kulekeza 90, amene pa maere alionse amatulutsa manambala 5. Munthu amasankha nambala imodzi, awiri, atatu, anayi kapena onse asanu, ndipo amawina pokhapokha manambala onse amene wasankha ali pakati pa asanu otulukawo. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Wina amasankha manambala atatu, awiri n'kutuluka, iye n'kuthamangira kwa ejenti ali wosangalala, koma n'kuuzidwa kuti palibe chake, chifukwa anabetchera atatu onse pamodzi. Pali njira ina imene osewera amaitcha pemu, imene imalola kusankha manambala ambiri kuti makina awaphatikize awiriawiri. Mukasankha manambala 5 pa njira imeneyi mumakhala mwagula mapeyala 10, mukasankha 6 mapeyala ake ndi 15, ndipo peyala iliyonse imalipiridwa payokha. Mwayi umakuladi, koma umakula molingana ndendende ndi ndalama imene mwaonjezera. Gulu lathu linkasewera pemu ya manambala asanu.

Maere alionse ali ndi nthawi yake yotsekera kugulitsa matikiti. Tikiti yogulidwa nthawiyo itadutsa imalowa m'maere otsatira, ndiye n'chifukwa chake ndinkaonetsetsa zinthu zinayi ndisanachoke pa kawindo ka ejenti: tsiku, dzina kapena nambala ya maere, manambala athu, ndi ndalama yolembedwa. Ejenti ndi munthu, patsiku la msika amakhala ndi mzere wautali, ndipo chala chikhoza kudina 17 m'malo mwa 71. Kampani imatsatira zimene zasindikizidwa pa tikiti, osati zimene inu munanena pakamwa. Kapepala kolemba pamanja kamene mwapatsa ejenti si umboni, ndipo ejenti akakuuzani kuti netiweki yavuta, musiye ndalama adzakudindirani madzulo, bwezani ndalama yanu m'thumba.

Za kasungidwe ka tikiti ndikhalitsepo pang'ono, chifukwa ndi pamene ndinaona munthu akulira. Mapepala amene makina a maejenti amasindikizapo salembedwa ndi inki. Zilembo zake zimatuluka chifukwa cha kutentha, ngati zija za malisiti a m'masitolo. Pepala lotere likayandikira moto limada lonse, likakhala padzuwa kapena kukhudzana ndi mafuta zilembo zimafufutika. Kuno kwathu mu June ndi July kumazizira kwambiri, ndipo amalonda ambiri timayamba tsiku titazungulira mbaula. Mnyamata wina wokazinga tchipisi, amene sanali wa gulu lathu, anasunga tikiti yake m'thumba la epuloni tsiku lonse ali pa chiwaya, ndipo pamene ankaitulutsa kuti aone ngati manambala amene anamva ndi akedi, theka la pepalalo linali lakuda bii. Nambala ya tikiti yosonyeza kuti ndi yeniyeni sinkawerengeka, ndipo ejenti analibe poyambira. Choncho tikiti musaisite pofuna kuiwongola, musaimatitse pulasitiki ya moto ija imene timamatira ziphaso, musaiike m'bra kapena m'sokosi mmene muli thukuta. Ine ndinkaiika mu envulopu, envulopuyo pakati pa buku, ndipo ndinkaijambula pa foni mbali zonse ziwiri. Chithunzi sichilowa m'malo mwa tikiti, koma chimathandiza pakabuka mkangano. Chithunzicho musachitumize m'magulu a WhatsApp maere asanachitike kapena mphoto isanalandiridwe, chifukwa nambala ya tikiti ndi chinsinsi cha mwini wake.

Osewera pa foni alibe vuto la pepala, koma ali ndi lawo. Mphoto imapita ku nambala ya foni imene yasewera, kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo mwini mphotoyo ndi amene dzina lake linalembetsa nambalayo. Kuyambira mu 2018 nambala za foni zimalembetsedwa ndi chiphaso, koma mpaka lero alipo ambiri amene amagwiritsa ntchito simu yolembetsedwa m'dzina la mlamu wawo, la mwamuna amene anasiyana naye, kapena la munthu amene anamwalira. Pa mphoto yaing'ono palibe amene angafunse, koma ikakhala yaikulu kampani imafuna chiphaso cha unzika chogwirizana ndi nambalayo. Amene simu yake si ya dzina lake akonze zimenezo asanasewere.

Manambala athu anatuluka m'nyengo yokolola mbatata. Mwa asanu amene tinasankha, atatu anali pakati pa otuluka, ndipo pa pemu zimenezi zimatanthauza kuti mapeyala atatu awina. Sizinali ndalama zosintha moyo wa munthu, koma zinali zokwanira kuti aliyense wa ife agule fetereza wa munda wake wa dimba. Ejenti atayika tikiti pa makina anatsimikiza kuti yawinadi, koma anati ndalama zopitirira mlingo wina iye salipira, zimakalandiridwa ku ofesi ya kampani, ndipo wopita kumeneko atenge tikiti yeniyeniyo ndi chiphaso chake cha unzika. Anatikumbutsanso kuti tiwerenge kuseri kwa tikiti, kumene kunalembedwa masiku amene mphoto iyenera kukhala italandiridwa. Masikuwo akatha, tikiti imasanduka pepala wamba ngakhale manambala ake ali olondola. Nthawi imeneyi imasiyana malinga ndi lotale: ya dziko la South Africa imapereka masiku 365, ya ku Britain masiku 180, koma masewera a tsiku ndi tsiku ngati amene timasewera kuno nthawi yake imakhala yaifupi, ndipo aliyense awerenge pa tikiti yake osadalira zimene wamva kwa mnzake.

Nkhani itamveka pamsika, ena a m'gulu anayamba kuwerengera ndalamazo ngati zili kale m'manja, wina mpaka anakaitanitsa malata pa ngongole. Mkulu wina wogulitsa anyezi, amene ndi wamkulu pa tonse, anatiletsa. Anati, "Ana inu, fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Dikirani alembi abwere nazo, tione zimene zafika." Ananena zoona, chifukwa ndalama imene tinawerengera pa chala si imene inafika. Boma limadula msonkho pa ndalama zowina pa masewera a mwayi, ndipo kampani imadula msonkhowo isanakupatseni mphoto n'kukaupereka ku Malawi Revenue Authority. Mlingo wake umatha kusintha nduna ya zachuma ikapereka ndondomeko ya chuma ku Nyumba ya Malamulo, choncho funsani mlingo wa chaka chimenecho. Ine ndinapempha pepala losonyeza mphoto yonse, msonkho wodulidwa ndi ndalama yotsala, ndipo ndinapita ku Lilongwe ndi membala wina monga mboni. Pepala limenelo ndi limene linanditeteza, chifukwa munthu wobwera ndi ndalama yochepera pa imene anzake amayembekezera amaganiziridwa zoipa msanga, ngakhale akhale wokhulupirika chotani.

Chimene ndinaphunzira ku ofesi ija n'chakuti kampani sidziwa gulu. Imadziwa munthu mmodzi amene wabwera ndi tikiti ndi chiphaso. Ndikanafuna kukwera basi ina n'kusowa, anzanga sakanatha kuuza kampaniyo kuti ilipire kachiwiri. Gulu lililonse losonkherana limadalira mtima wa munthu wosunga tikiti, ndipo pa chifukwa chimenechi mtima umenewo uyenera kuthandizidwa ndi zolembedwa.

Mkangano weniweni unabuka pa mayi wina wogulitsa kabichi. Mayiyu anali m'gulu kuyambira pachiyambi ndipo sankaphonya kusonkha, koma sabata imene tinawinayo anali ku maliro a mlongo wake kutsidya, mbali ya Mozambique, ndipo ndalama yake sinafike. Anthu anagawikana. Ena ankati, "Amayi, pepani ndithu, koma tikiti imene yawina ndalama yanu mulibe." Iwo ankayankha kuti, "Achimwene, manambala amenewa tinasankhira limodzi, ndipo 44 uja ndinabwera naye ndine. Kodi maliro ndinachita kuwaitana?" Mawu anakula mpaka anthu amene amasungirana katundu usiku analeka kupatsana moni. Tinatengera nkhaniyo kwa atcheyamani a msika, ndipo iwo asanamve mbali iliyonse anapempha buku limene ndinkalembamo zosonkha za gulu. M'bukumo munapezeka kuti m'mbuyomo gulu linalolapo anthu angapo kupereka ndalama mochedwa, sabata itadutsa, ndipo ndalama zochedwazo zinalandiridwa ngakhale kuti matikiti a masabata amenewo anali ataluza kale. Atcheyamani anati ngati gulu linkalandira ndalama yochedwa pa sabata yoluza, silingaikane pa sabata yowina. Mayi aja anapereka chosonkha chawo ndipo analandira gawo lofanana ndi la wina aliyense.

Ine ndimaona kuti chigamulocho chinali cholungama, koma ndikudziwanso kuti bukulo likanakhala losalembedwa bwino nkhaniyo ikanathera kupolisi kapena kwa amfumu, ndipo chidani chake chikanapitirira mpaka kwa ana. Titagawana tinakhala pansi n'kulemba pangano: tsiku ndi ola lomaliza kusonkha, chochita ndi munthu amene wagwa m'mavuto a maliro kapena matenda, wosunga tikiti, mboni yake, ndi kagawidwe ka mphoto msonkho ndi thiransipoti zitachotsedwa. Aliyense anasaina, osatha kulemba anadinda chala, ndipo atcheyamani anasunga pepala lina lofanana nalo.

Patangopita masiku ochepa, mmodzi wa ife analandira foni kuchokera kwa munthu wolankhula mwaulemu kwambiri, amene anati gulu lathu lasankhidwanso pa mphoto yapadera ya galimoto, koma pafunika kutumiza ndalama ya mapepala ndi ya msonkho tsiku lomwelo. Anabwera kwa ine akunjenjemera ndi chimwemwe, nati, "Alembi, tisachedwe, akuti pofika 4 koloko apereka kwa wina." Ndinamufunsa kuti tikiti ya galimotoyo tinagula liti, ndipo analibe yankho. Munthu sangawine maere amene sanalowe. Lotale yovomerezeka sipempha ndalama kuti itulutse mphoto, chifukwa msonkho umadulidwa pa mphoto yomweyo, ndipo palibe wantchito weniweni wa kampani ya lotale kapena ya foni amene angakufunseni nambala yanu yachinsinsi. Kufulumizitsa munthu ndi chida chachikulu cha akuba amenewa, kuti asapeze mpata wofunsa mnzake. Nambala imene inaimbayo tinakaipereka kupolisi ndi ku kampani ya foni. Ndikukhulupirira kuti akubawo anamva za ife chifukwa nkhani ya kuwina kwathu inalengezedwa kwambiri pamsika, ndipo ndimalangiza aliyense wowina kuti adziwitse anthu ochepa okha oyenera kudziwa.

Ambiri a kuno ali ndi abale ku Johannesburg, ndipo ena amatumiza manambala kuti awagulire matikiti a lotale ya dziko la South Africa, imene inayamba mu 2000 ndipo mphoto zake zimamveka zazikulu zikasinthidwa kukhala makwacha. Malamulo a lotale imeneyo ndi a kumeneko, MAGLA ilibe nawo mphamvu. Wolandira mphoto ndi amene wagwira tikiti, ndipo pa mphoto yaikulu amafunsidwa mapepala omuzindikiritsa, zimene zimavuta kwa m'bale amene akukhala kumeneko mapepala ake atatha. Munthu wa ku Ntcheu amene wangotumiza manambala pa foni alibe chogwira ngati m'baleyo wasintha maganizo.

Tsopano ndifike pa funso limene aliyense amandifunsa akamva kuti tinawinapo: kodi njira yake ndi yotani? Pamsika pali anthu ogulitsa mapepala a manambala amene akuti ndi otentha, pali osunga makope a manambala onse amene anatuluka chaka chatha, pali omasulira maloto, ndipo pali opita kwa asing'anga kukatenga mankhwala a mwayi. Mwana wina wa mlongo wanga amaphunzitsa masamu ku sekondale, ndipo tsiku lina anakhala nane pansi n'kundiwerengera zonse papepala. Pa masewera a manambala 90 otulutsa 5, mwayi woti nambala imodzi ituluke ndi 1 mwa 18. Woti awiri amene mwasankha atuluke onse ndi pafupifupi 1 mwa 400. Wa atatu ndi 1 mwa 11,748, wa anayi ndi 1 mwa 511,038, ndipo wa onse asanu ndi 1 mwa 43,949,268. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu pafupifupi 17.5 miliyoni m'dziko lonse la Malawi, kutanthauza kuti ngakhale munthu aliyense, kuphatikizapo makanda, atagula matikiti awiri a manambala osiyana, mpata ungakhalepobe woti pasapezeke wowina onse asanu.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi chitsanzo chake chachiwiri. Anati, "Amalume, pa manambala 90 mungapange mapeyala 4,005. Mutagula onse pa K100 peyala iliyonse mungawononge K400,500, ndipo mosakayika mapeyala 10 angawine, chifukwa manambala asanu otuluka amapanga mapeyala khumi. Kuti ndalama yanu ingobwerera, peyala iliyonse iyenera kulipira K40,050. Kaoneni pa chikwangwani cha ejenti ngati imalipira choncho." Ndinakaona, ndipo imene imalipiridwa ndi yochepera pamenepo ndithu. Kusiyana kumeneko si kuba. Ndi kumene kumalipira maejenti, antchito, msonkho ndi phindu la kampani, ndipo lotale iliyonse padziko imayenda motero. Koma kumatanthauza kuti osewera onse pamodzi nthawi zonse amalandira zochepera pa zimene apereka, ndipo palibe kasankhidwe ka manambala kamene kangasinthe zimenezo. Timipira ta m'makina sitikumbukira kuti dzulo kunatuluka chiyani. Nambala imene yakhala miyezi osatuluka ili ndi mwayi wofanana ndi imene inatuluka dzulo, ndipo manambala 1, 2, 3, 4, 5 ali ndi mwayi wofanana ndi manambala alionse a m'maloto. Wogulitsa manambala otentha akanakhala kuti amawadziwadi, bwenzi akusewera yekha mwakachetechete.

Nditamva zimenezo ndinaphatikiza ndalama zonse za m'buku, kuyambira sabata yoyamba, n'kuziyerekeza ndi zonse zimene tinalandira, kuphatikizapo mphoto yaikulu ija. Zosonkha zinali zambiri kuposa zolandira. Ndinawerengera gulu lonse zotsatirazo pamsonkhano, chifukwa ndinaona kuti si bwino kuti ndizidziwe ndekha pamene anthu ankafuna kuchulukitsa chosonkha kawiri poganiza kuti mwayi watitsegukira. Kuwina kamodzi n'koopsa pa chifukwa chimenechi: kumapangitsa munthu kuiwala masabata onse amene anataya. Ndinaonapo bambo wina wa ku Tsangano amene anawina pang'ono payekha, kenaka n'kuyamba kubetcha ndalama ya mbewu pofuna kubweza zimene ankaluza, mpaka munda wake unagonera chaka chimenecho ndipo ana anabwezedwa ku sukulu. Sanali munthu wopusa kapena waulesi. Ankangokhulupirira kuti maere otsatira ndiwo amubwezera zake. Munthu akafika pobisira mkazi wake kapena mwamuna wake matikiti, pokongola kuti asewere, kapena posewera kuti abweze zotayika, pamenepo afunika kuuza wina wapafupi, kaya m'bale, mkulu wa mpingo kapena mnzake wodalirika, kuti amuthandize kusunga ndalama.

Pamsonkhano umenewo ena anatuluka m'gulu n'kukaika ndalama yawo ya sabata ku banki m'khonde, kumene imabwerera ndi chiwongoladzanja pogawana kumapeto kwa chaka. Otsalawo anagwirizana kupitiriza, koma anaonjezera mfundo zitatu pa pangano lija. Chosonkha sichikwera ngakhale gulu litawina. Kuyambira October mpaka January, pamene anthu akugula fetereza ndi mbewu komanso kulipira sukulu, gulu silisewera. Ndipo wina akabwera ndi ndalama imene yadziwika kuti ndi ya katapila kapena ya mpamba wa bizinesi yake, amabwezeredwa ndalamayo pamaso pa mboni, ndipo dzina lake sililembedwa sabata imeneyo.